Kiyibodi yakale ya IBM yatuluka mu katundu wa pa okushoni: ndiikonze kapena ipite momwemo?

Wa ku Limbe:
Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndinagula mulu wa makompyuta akale pa okushoni ya ofesi ina, ndiye pansi pa katoni ndapezamo kiyibodi ya IBM yolemera zedi. Mabatani ambiri akulira bwinobwino ukawadina, koma a kumanja, kuyambira pa Enter mpaka ku manambala, angoti wofuwofu ngati siponji. Ndailumikiza ndi kaadaputala ka mumsika kochoka ku PS/2 (pulagi yozungulira ya makiyibodi akale) kupita ku USB, sinayake. Mnyamata wanga akuti tiiviike m'madzi a sopo. Munthu wina akuifuna pa mtengo wa kiyibodi wamba.

Wa ku Mzuzu:
Achimwene, madziwo ayi, chonde. Pansi pa masipuling'i a mabatani pali timapepala ta pulasitiki tokhala ndi tinjira ta magetsi, madzi akalowa pakati pake sauma msanga, ndipo chitsulo cha kunsi chimachita dzimbiri. Tayitembenuzani kaye, mutiwerengere zimene zalembedwa pa sitika ya kumbuyo. Kenako muigwedeze pafupi ndi khutu.

Wa ku Limbe:
Palembedwa 1391406, chaka 1989, yopangidwa ku United Kingdom. Ndikaigwedeza mukulira tinthu ngati timiyala ta mu mpunga.

Wa ku Mzuzu:
Basi, matenda tawapeza. Imeneyo ndi Model M, ya mabatani a Chingerezi cha ku Britain, muona chizindikiro cha £ pa batani la 3. Zoterezi IBM inkazipangira ku Greenock, ku Scotland. Mkati mwa batani lililonse muli kasipuling'i koima chilili. Mukadina kamapirira, kenako kamapindika mwadzidzidzi n'kumenya khoma la kapaipi kake, nthawi yomweyo kanyundo ka pansi kagunda timapepala tija. Phokoso ndi chilembo zimatulukira limodzi, n'chifukwa chake zala zimadziwa zokha kuti chilembo chalowa. Ine ndinaphunzirira kutayipa pa yotereyi ndipo mpaka lero sindinakhudze ina yondikoma chimodzimodzi.

Tsono zonsezi zimagwira ntchito ngati thireyi ya pulasitiki ya pamwamba yakanikizana zolimba ndi chitsulo cha pansi. Zimene zimazimanga ndi timitu ta pulasitiki tosungunulidwa, ndipo pakapita zaka timathothoka. Timiyala mukumvato ndi timeneto. Mbali imene tathothoka tambiri, mabatani amafooka.

Wa ku Johannesburg:
Bambo a ku Limbe, wofuna kugula pa mtengo wambayo muuzeni adikire. Ine ndimagulitsa zoterezi kwa anthu ozisonkhanitsa, ndipo amafunsa zinthu zomwezomwezo: sitika ilipo? Chingwe chake ndi chenicheni? Tizipewa ta mabatani tonse tilipo? Pa Model M zambiri batani limakhala pawiri, kachipewa ka pamwamba kamavuka kokha, ndiye timasowa kawirikawiri. Langizo langa, musaibowole kuti muike tisikuluwu m'malo mwa timitu tathothokato. Ipukuteni, ijambuleni bwino pamodzi ndi sitikayo, nenani chilungamo kuti timitu tathothoka. Ndinaonapo ina yabwinobwino itang'ambika thireyi chifukwa wokonza anathamanga ndi dirilo.

Wa ku Mzuzu:
Mayi, zoti pulasitikiyo ndi yokalamba ndikuvomera, koma kiyibodi yosalira mbali imodzi wogula amaigwetsa mtengo kwambiri. Sindikunena kuti aiphwasule yonse n'kumanga mabawuti paliponse ayi. Angobowola pang'onopang'ono pamalo pamene timitu tachoka, ndi kadirilo kakang'ono, n'kuika tisikuluwu tating'ono ta saizi ya M2. Asamangitse kwambiri, chifukwa mukafinya mopitirira mabatani amaumanso. Mangani kamodzi, dinani, mumvetsere, kenako kena.

Wa ku Johannesburg:
Ngati dzanja lawo ndi lodekha, chabwino. Koma ayambe atsimikiza kuti ikuyaka, asanataye tsiku lonse. Kaadaputala kotchipa kaja nthawi zambiri kamangolumikiza mawaya, mulibe tchipu yomasulira, pomwe Model M sidziwa chilankhulo cha USB ndiponso imakoka magetsi ochulukirapo. Pamafunika adaputala yokhala ndi tchipu, ija amati active converter. Chinanso, werengani ndalama yotumizira musanalonjeze munthu wa pa eBay, msika wa pa intaneti. Chinthuchi chimapitirira makilogalamu 2 chisanalowe n'komwe m'katoni, ndipo phindu lonse likhoza kuthera pa ndege. Ine ndimadikira wachibale amene akubwera kuno pa basi.

Wa ku Lilongwe:
Adaputala yanji, abale? Pezani desikitopu yakale yokhala ndi bowo la PS/2, lija la pepo, muilumikize kompyuta ili yozima, kenako muyatse. Potsegula chikwama chake, masikuluwu a kunsi amafuna sipanala ya soketi ya 5.5 mm yowonda, yonenepa silowa m'mabowomo. Tizipewato mukhoza kutitsuka patokha m'beseni, tiume kaye musanabwezere.

Wa ku Limbe:
Zikomo nonse. Ndaiyesa pa desikitopu yakale, magetsi atatu a pa kiyibodiyo aphethira ndipo zilembo zikulowa, kupatula 7 ndi 9 a kumanja amene akufuna kudina mwamphamvu. Soketi ndabwereka kwa wokonza njinga zamoto, ndachita kuipala kunja kuti ilowe. Ndawerenga timitu 14 tothothoka, pafupifupi tonse mbali yomweyo. Mawa ndiyamba ndi tisikuluwu tinayi kuzungulira Enter. Mayi a ku Johannesburg, zithunzi za sitika ndakutumizirani. Chipewa cha F7 chikusowa, ngati muli nacho chotsala mundisungireko.