Ndithandizeni nzeru pa mwana wanga wodwala sickle cell

Makolo anzanga, ndimakhala ku Chibavi ndipo mwana wanga wamkazi wa zaka 9 ali ndi matenda a magazi otchedwa sickle cell. Mankhwala timakalandira ku Mzuzu Central Hospital. Amamwa folic acid tsiku lililonse, mankhwala oteteza malungo sitiphonya, ndipo amagona m'neti. Kumeneko sindikudandaula.

Chondisowetsa tulo ndi kuzizira kwa kuno mu June ndi July. Akangonyowa ndi mvula yowaza ija popita kusukulu, usiku miyendo imamuphwanya mpaka kulira, ine n'kuchezera kumufunditsa bulangete ndi kumumwetsa madzi ofunda. Kodi inu mumadziwa bwanji kuti ululu uwu ndi wothamangira nawo kuchipatala usiku womwewo?

Koma chimene chimandipweteka kwambiri ndi mtima wake. Anzake amamuseka maso achikasu, ndiye wayamba kukana sukulu, chonsecho masamu amakhoza kwabasi. Aphunzitsi munawafotokozera motani kuti azimulola kumwa madzi m'kalasi ndi kutuluka pafupipafupi? Nanga achibale amene amati n'zaufiti, pomwe matendawa mwana amatengera kwa makolo onse awiri, mumawayankha chiyani osakangana nawo?

Ngati muno mu Mzuzu muli makolo amene amakumana pa nkhani imeneyi, chonde ndiuzeni kumene amakumanira.