Kodi Wilt Chamberlain tingamuyerekeze bwanji ndi Michael Jordan?

Abale anga okonda basketball, ndikupempha nzeru pa nkhani imene yandisowetsa tulo. Mu 1961-62, Wilt Chamberlain ankagoletsa mapointi 50.4 pa masewero alionse, pomwe Michael Jordan anafika pa 37.1 mu 1986-87, koma m'nthawi ya Chamberlain masewero anali othamanga kwambiri, timu iliyonse inkaponya mpira kambirimbiri, ndipo iyeyo sankatulukatuluka m'bwalo. Ndikalemba manambalawa moyandikana m'kope mwanga, mtima umandiuza kuti ndikulakwira Jordan. Vuto lina ndi lakuti NBA, ligi yaikulu ya basketball ku America, inayamba kulemba ma block (kutchinga mpira umene mdani waponya kuti agoletse) ndi ma steal (kulanda mpira kwa mdani) mu 1973, Chamberlain atasiya kale kusewera. Kodi kuwerengera mapointi pa ma possession (maulendo amene timu yakhala ndi mpira) 100 alionse n'kokwanira? Nanga luso la Chamberlain lotchinga adani tingaliyeze ndi chiyani?