Za alenje aja olowa m'nkhalango ya apongozi ku Pennsylvania

Paja ndinafunsa chochita ndi alenje a agwape amene amangolowa m'nkhalango ya apongozi anga osapempha, zikwangwani n'kumazizula. Zikomo inu amene munanditchulira lamulo la penti wa pepo. Linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndipo pentiyo amawerengedwa ngati chikwangwani choletsa kulowa, kupatula m'maboma a Philadelphia ndi Allegheny. Tinapaka mizere yoimirira pamitengo ya m'malire, yotalika mainchesi 8, pakati pa mafiti 3 ndi 5 kuchokera pansi, yosatalikirana kupitirira mafiti 100. Ntchito yothyola msana, koma penti munthu sangamuzule.

Kamera yomwe tinamangirira pafupi ndi geti inajambula galimoto, nambala ikuoneka bwinobwino. Apongozi ankafuna kukawadikirira okha m'mamawa. Ndinawaletsa, munthu wonyamula mfuti sukangana naye kutchire. Zithunzizo tinapereka kwa oyang'anira nyama zakutchire a boma.

Mmodzi wa alenjewo ndi neba wathu, anabwera yekha kudzapepesa. Akuti ankatsata magazi a gwape amene anamuvulaza. Mwina n'zoona. Tagwirizana kuti aziyamba waimba foni asanadutse malire. Kansanja kodikirirapo agwape kamene mlenje wina anakhoma mumtengo kakadali pomwepo, ndipo sabata yamawa tikukatsitsa.