Kodi ndigule phukusi losinthira kamera m'sewero langa?

Wa ku Bembeke: Abale anga, ndikupanga sewero la pakompyuta mu pulogalamu yopangira masewero ya Unity, momwe mnyamata akutsika ndi njinga yonyamula matumba a kachewere mumsewu wa Khwekhwerere kulowera ku Golomoti. Pakadali pano kamera imaonera pamwamba, koma ndikufuna kuti wosewera akadina batani, kamerayo izitsikira kumsana kwa wopalasa njingayo. Ndayesa kulemba ndekha, koma ndikafika pakona kamera imalowa m'phiri, sikirini yonse n'kuda bii. Pa Asset Store, msika wa pa intaneti wa Unity, ndaona phukusi la madola 30 limene akuti limathetsa vutoli. Kodi ndigule?

Wa ku Linthipe: Achimwene, musathamangire kutulutsa ndalama. Unity inayamba kupereka Cinemachine, chida choyendetsera makamera, kwaulere mu 2017, ndipo zimene mukufunazo zilimo kale. Mumaika makamera awiri, ina pamwamba ina kumsana, ndipo mukakweza priority ya imodzi, yomwe ndi nambala yosonyeza kamera yoyenera kuonetsa chithunzi, chithunzi chimasamukira komweko pang'onopang'ono popanda kudumpha. Za kulowa m'phirizo, onjezerani Collider ya Cinemachine kuti kamera izisendera kutsogolo ikakumana ndi chotchinga. Komanso kumbukirani kuti chitsikireni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, madola 30 si ndalama yoseweretsa, ndipo ine khadi langa lakanidwapo kawiri pogula zinthu zakunja.

Wa ku Ntcheu Boma: Ine sindikutsutsa kugula, chifukwa munthu wogwira ntchito masana amene amapanga sewero usiku wokha, magetsi akalola, nthawi yake nayo ndi ndalama. Ndinagulapo phukusi lotere ndipo linandipulumutsira masabata angapo. Komabe, achimwene a ku Bembeke, vuto lanu lalikulu si kamera ayi. Poonera pamwamba, batani lakumanzere limatanthauza kumanzere kwa sikirini, pamene kamera ikakhala kumsana limatanthauza kumanzere kwa njinga, choncho mukasintha wosewera ali pakati pa kona, adzagwera kuphompho n'kukutukwanani. Paja sewero la Resident Evil la mu 1996, limene makamera ake anali osasuntha, linamangirira mabatani ku thupi la munthu wa m'sewerolo pofuna kupewa chisokonezo chomwechi. Phukusi silingakusankhireni zimenezo.

Wa ku Linthipe: Achemwali anena zoona. Ndiwonjezereponso kuti mukatsitsa kamera, wosewera amayamba kuona kutali, ndiye laputopu yofooka imalemedwa pojambula mapiri ndi mitengo imene kale sinkaoneka.

Wa ku Bembeke: Zikomo nonse. Usiku wathawu ndinayesa Cinemachine, ndipo kamera yatsika bwinobwino osalowanso m'phiri. Koma itafika pansi ndinachita manyazi ndekha, chifukwa nyumba zonse za m'mbali mwa msewu ndi madenga a malata okhaokha olenjekeka m'malere, poti zipupa sindinazijambule n'komwe, ndipo kumwamba kulibe ngakhale mtambo umodzi. Madola aja ndawaimika kaye. Achemwali, kodi mabataniwo ndiwasinthe nthawi imene kamera ikuyamba kutsika, kapena ndidikire mpaka wosewera atachotsa chala pabatani?