Barolo wa 2004 Loweruka, shefu akuti peri-peri

Nabanda: Anzanga ndithandizeni, mutu wanditentha. Loweruka ndili ndi tebulo la anthu 6, bambo wina akukwanitsa zaka 60, wabweretsa yekha mabotolo awiri a vinyo wofiira wa ku Italy, Barolo Riserva 2004. Shefu waika prawns za peri-peri ngati main. Ndamuuza kuti tsabola ndi Nebbiolo, mphesa zopangira Barolo, sizimwerana madzi, akuti menyu yasindikizidwa kale. Kuonjezera apo manijala wagoneka mabotolowo mufiriji ya vinyo woyera. Ah-so, chozulira cork cha mano awiri chija, ndilibe, ndili ndi waiter's friend basi, chotsegulira wamba cha sikulu.

aPhiri: Chemwali, atulutseni mufiriji lero lomwe. Muwaimike chilili pamalo pozizira ndi pamdima masiku awiri kuti nsenga zikhazikike pansi. Osawagwedeza ngakhale powanyamula. Loweruka muwathire ali pa madigiri 16 mpaka 18, mumatambula a Burgundy aakulu mimba aja.

aGondwe: Decant, ndiye kuti kumuthira mu decanter, botolo lagalasi lopatsira vinyo mpweya, maola atatu, nkhani yatha. Riserva amakhala miyezi 62 asanagulitsidwe, vinyo wotere amafuna mpweya.

Nangondo: Maola atatu musanalawe, aGondwe? Ine ndili ku London ndinatsegulapo Barolo wakale m'mawa poganiza chomwecho. Pofika madzulo fungo la marozi lija linali litathawa, kunangotsala kuwawasa. Mlendo anangondiyang'ana osanena kanthu, mpaka lero nkhope yake ndimaiona. Nabanda, tsegulani ola limodzi alendo asanafike, mulawe pang'ono, ndiye muganize. Akamveka womangika, lilime likuuma ngati mwatafuna nthochi yosapsa, mupatseni mpweya. Akakhala atatseguka kale, muthire mu decanter pang'onopang'ono kandulo ili kunsi kwa khosi la botolo, nsenga zikangofika pakhosi muime.

aGondwe: Wanuyo anali wakufa kale ameneyo. 2004 chinali chaka chabwino ku Piemonte, chigawo cha Italy kochokera Barolo, ndipo tannin, amene amaumitsa lilime uja, akadali ndi mano. Decant.

aPhiri: Za cork musazione mopepuka. Ya zaka zoposa 20 imafumbutuka. Bwerekani ah-so kwa aneba, ikavuta lowetsani sikulu yonse mpaka kunsi ndipo muzikoka ngati mukuzula minga kuphazi kwa mwana. Ine inandithyokera pakati pamaso pa mlendo, ndinaikankhira mkati n'kusefa ndi kansalu, manja akunjenjemera. Ndipo muwachenjeze alendo za mtundu. Nebbiolo ndi woyezuka, akakalamba amafiira ngati njerwa m'mphepete, ambiri amayesa waonongeka. Fungo la phula, bowa, masamba ouma, zonsezo n'zake. Choopsa ndi fungo la katoni yonyowa, pamenepo ndiye corked, vinyo waonongeka chifukwa cha cork. Muwauze mwini wake mwakachetechete, osati pagulu.

Nabanda: Zikomo achimwene. Koma prawns zija? Ndipamene pagona vuto langa.

Nangondo: Musalole. Tsabola amakolezera moto wa mowa ndipo tannin amawawa kawiri, zam'nyanja nazo zimasiya kakomedwe ka chitsulo m'kamwa. Kwawo kwa Barolo ku Langhe amamwera brasato, ng'ombe yobwatitsa maola ambiri muvinyo, kapena tajarin, pasta woonda wa mazira, wa batala ndi truffle woyera (bowa womera pansi pa nthaka) wa ku Alba nyengo yake ikakwana. Truffle simumupeza, koma khitchini iti mu Cape Town ilibe oxtail? Kapena risotto, mpunga wa ku Italy, ya bowa wa porcini. Prawns zipite ku starter ndi vinyo woyera wa Chenin, kenako buledi ndi madzi. Barolo adikire nyama, wotsala atsirize ndi tchizi ya Parmigiano. Shefu musamutsutse pamaso pa anyamata ake, mumutengere pambali, mumuuze kuti mbale yake ndi imene idzanyozedwe.

aGondwe: Ngakhale ndi oxtail, popanda maola atatu mwataya ndalama za bamboyo. Ndathira Barolo zaka 12 ku Johannesburg.

aPhiri: Mabotolo alipo awiri aGondwe, ndipo awiri a bokosi limodzi amatha kusiyana. Alawe lililonse palokha, asawasakanize mu decanter imodzi.

aMbewe: Kodi inu corkage, ndalama yomwe alendo amalipira pa mabotolo obwera nawo, imafikako kwa mawaita? Kwathu kuno yonse imalowa mu till, ife timangotsuka ma decanter.