Thandizeni: ana amatsenga ndi akatswiri ogwetsana m'buku langa

Abale anga a pagulu pano, makamaka inu olemba nthano, ndikupempha nzeru. Ndikulemba buku la dziko longopeka. Kumeneko mwana aliyense amabadwa ndi mphamvu, wina yoitana mphepo, wina youmitsa madzi, koma imatha mano oyamba akayamba kugweluka, cha pa zaka 6. Akuluakulu alibe matsenga. Mfumu inaletsa mikondo ndi zibonga, choncho mikangano ya malire imathera pabwalo, anthu awiri kulimbana ndi manja okha.

Ndewuzo ndazimanga potengera dambe ya Ahausa a ku Nigeria, momwe dzanja limodzi amalikulunga nsalu ndi chingwe n'kumalitcha mkondo, linalo n'kukhala chishango. Ndatengakonso laamb ya ku Senegal, komwe ogwetsana amavala zithumwa ndi kudzithira madzi amankhwala asanalowe m'bwalo.

Pamene pandivuta ndi apa: munthu angavutikirenji zaka zambiri kuphunzira nkhonya, pomwe kamwana ka zaka 4 kangathe kumugwetsa ndi mphepo? Ndipo chikundisowetsa tulo kwambiri n'chakuti kwathu kuno ukangotchula mwana ndi matsenga, anthu amamva ufiti. Ana enieni akhala akumenyedwa ndi kuthamangitsidwa pakhomo chifukwa cha mphekesera zoterezi. Sindikufuna buku langa lisonkhezere moto umenewo. Nditani?

Yankho: Achimwene, mwana wa zaka 4 sasunga mkwiyo nthawi yaitali. Amalira, amachita mantha, amagona. Mphamvu yake iziyendera mtima wake, osati nzeru. Wogwetsana wanu asakhale womenya ana ayi, akhale munthu yekhayo wotha kulowa m'kamvuluvulu n'kumugwira mwanayo osamupweteka mpaka mtima utagwa pansi. Pamenepo luso logwetsana lapeza ntchito, nkhonya zisiyireni akuluakulu okhaokha.

Yankho: Za ufitizo musazipeputse, bambo. Lamulo la za ufiti la 1911 kuno ku Malawi limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma m'midzi zikuchitikabe. Pewani lichero louluka, manda, usiku, ndi agogo ophunzitsa ana mobisa. Mphamvuzo zizionekera masana, pamaso pa mudzi wonse.

Wofunsa: Zikomo kwambiri nonse. Mfundo ya womugwira mwana ija yandigwira mtima. Koma funso lina labadwa: mfumu yoipa ingalepherenji kusonkhanitsa tianato n'kupita nato kunkhondo? Ndiikepo chotchinga chanji choti owerenga akhulupirire?