Kakamba kabwera ku ofesi, ndikasunge kapena ayi?

AVO (mlangizi wa ziweto) Salima: Anzanga mwadzuka? Ndathedwa nzeru pano. Mlimi wina wandibweretsera kamwana ka kamba mu katoni, akuti mwana wake anagula kwa mnyamata wina pamsewu, komwe kanatoledwa sakudziwa. Kakang'ono kokwana m'dzanja, chigoba chachikasu chamadontho akuda, ndipo kali ndi nkhupakupa zitatu kumwendo wakumbuyo. Mlimiyo sakukafunanso, ana anga akaona ndiye akulira kuti adadi tisunge. Ndimaganiza ndikabaye ka ivermectin pang'ono kophera nkhupakupazo kenako ndipite nako kunyumba. Mukuti bwa?

Mayi AVO Dedza: Achimwene chonde jakisoniyo mubwezeni mu bokosi!! Ivermectin amapha akamba, ngakhale kadontho kamafoola miyendo kenako basi kapita. Si mbuzi imeneyo. Dibi nayenso ayi. Nkhupakupazo zulani ndi tweezer imodziimodzi, gwirani pafupi ndi khungu, mukatha muziponye mu spirit.

AVO Salima: Eee ndinali nditakoka kale mu syringe amayi. Mwandipulumutsa.

Madala a ku Ntcheu: Kkkk mukanalemba lipoti lanji. Koma ine nkhawa yanga ndi nkhupakupazo bwana, kwanu kuja muli ndi khola la mbuzi eti? Akamba amanyamula nkhupakupa ya mtundu wa Amblyomma marmoreum ndipo imeneyo itha kufalitsa heartwater, matenda opha mbuzi, nkhosa ndi ng'ombe. Musaone ngati nthabwala, dziko la America linaletsa kulowetsa akamba a mtundu wa leopard tortoise ndi Bell's hingeback mu 2000 chifukwa cha nkhupakupa zomwezi. Ndiye inu odziwa za dibi mukatenge kanyama kosadziwika kwao mukakaike pafupi ndi khola, mbuzi zikayamba kuzungulirazungulira ndi kugwa mudzauza ndani

Wachinyamata Mchinji: Ine ndiye ndikuona ngati tikukulitsa nkhani. Kwathu agogo anasunga kamba zaka zambirimbiri, amangodya nkhwani kuseri kwa nyumba, palibe anadwala. Kakatayidwa kutchire akhwangwala akadya lero lomwe, bola kakhale ndi munthu wodziwa za ziweto.

Mayi AVO Dedza: Wa agogowo anali wamkulu kale mwina. Kakhanda ndi nkhani ina mwana wanga. Kamafuna dzuwa lenileni tsiku lililonse ndi calcium, apo ayi chigoba chimafewa nkupindika, ndipo zimenezo sizibwerera. Anthu amakapatsa nsima, buledi, mkaka, kamadya inde koma kakufa pang'onopang'ono. Komanso achimwene mwatsimikiza mtundu wake? Madontho mukunenawo akumveka ngati leopard, ameneyo ndi wa udzu ndi masamba. Akakhala hingeback amafunanso nkhono, bongololo ndi bowa, ndipo akadali aang'ono chigoba chakumbuyo sichinayambe kutsekeka ndiye nkosavuta kusokoneza. Tumizani chithunzi, cha pamwamba ndi cha pamimba.

AVO Salima: Ndatumiza. Pokatembenuza kandikodzera m'manja kkkk

Madala a ku Ntcheu: Paja amati kamba amanyera amene wamtola. Koma zoona zake madzi amenewo ndi nkhokwe yake, kakachita mantha kamataya, ndiye lekani kukanyamulanyamula. Kaikeni mu beseni la madzi ofunda pang'ono, osapitirira chibwano chake, mphindi 15 kamwe. Mukatero sambani ndi sopo, Salmonella, tizilombo totsekula m'mimba tomwe akamba amanyamula, ndi weniweni, makamaka kwa ana osakwana zaka 5 amene chilichonse chimapita kukamwa. Wanu wotsiriza uja ali ndi zingati?

AVO Salima: Zitatu madala.

Madala a ku Ntcheu: Ndiye mwadziyankha nokha.

Mayi AVO Dedza: Ndaona chithunzi, ndi leopard ameneyu. Akhoza kukhala zaka zoposa 50 ndipo amakula mpaka kulemera makilo oposa 10, mudzapuma ntchito iye akadali mnyamata. Chinanso chomwe sitinatchule, imeneyi ndi nyama yakutchire, ili m'manja mwa a Parks and Wildlife osati ife. Kusunga popanda chilolezo ndi mlandu ndipo lamulo la nyama zakutchire analikhwimitsa mu 2017. Wogwira ntchito m'boma apezeke nako kunyumba, manyazi ake.

Wachinyamata Mchinji: Chabwino ndagonja, ndiye angokakasiya ku nkhalango ya Thuma kapena ya Kuti, si pafupi pomwepo?

Mayi AVO Dedza: Ayinso. Sitikudziwa kanachokera kuti, kakhala masiku angati m'manja mwa anthu, kanasakanikirana ndi nkhuku kapena akamba ena odwala. Mukakatulutsa mwachisawawa mwapititsa matenda kwa amtchire. Imbirani a Parks kapena a Lilongwe Wildlife Centre, iwo amayamba akasunga pakokha nkukayeza, kenako ndi amene aone ngati kangabwerere kutchire.

AVO Salima: Ndamva akuluakulu. Nkhupakupa ndazula zonse zitatu, zili mu kabotolo ndizipereka limodzi. Kagona konkuno ku ofesi, katoni ndaiboola ndaika pa tebulo kuopa makoswe ndi linthumbu, ndathyolamo kapinga ndi chisoso. A Parks ndawaimbira, tagwirizana za mawa m'mawa. Mlimi uja ndimuuzanso kuti asamagule, akagula mnyamatayo akatolanso wina.

Madala a ku Ntcheu: Nanga ana muwauza chani madzulo ano?

AVO Salima: Ndawalonjeza kalulu. Amene ali ndi mbewu yabwino andipeze ku inbox.